Madzi a m'nyanja yamchere angatithandize kuno ku Blantyre?

Bambo a Tadala: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndaonera kavidiyo pa Facebook ka ku Saudi Arabia, dziko loti lilibe ngakhale mtsinje umodzi woyenda chaka chonse koma anthu akusamba pa shawa, akuthirira maluwa panja, madzi ake akuti ndi a m'nyanja yamchere amangochotsa mcherewo basi. Ndiye ndimati ife kuno mipopi ikangouma timayamba kuthamanga ndi zigubu usiku, bwanji osangogula makina amenewo zithe?

Nangozo: Taswera bambo a Tadala. Koma nyanja yamchereyo muitenga kuti kuno, kapena mwayamba kuiona kuseri kwa phiri la Michiru kkkkkk

Bambo a Tadala: Mozambique si patali mayi. Mafuta a galimoto amachokera ku Beira ndi ku Nacala amafika bwinobwino, madzi angakanike bwanji

Aphunzitsi opuma: Moni nonse. Bambo a Tadala tiyambe ndi mapu kaye. Nyanja yathu ya Malawi ilibe mchere, Shire alibe mchere, mitsinje ya ku Mulanje ilibe mchere. Nyanja yamchere imene tayandikana nayo kwambiri ili cha ku Quelimane, mukawongola osatsata msewu ndi makilomita pafupifupi 300. Ndiye musaiwale kuti nyanja ili pansi penipeni, Blantyre ali pamwamba, mamita opitirira 1,000. Za mafutazo, tingoyerekeza kuti tauni ino ikufuna malita 100 miliyoni patsiku, tanker imodzi inyamule 35,000, ndiye kuti ma tanker pafupifupi 3,000 tsiku lililonse adutse pa boda. Mafuta timagula ndi malita, madzi timamwaza ndi mandowa, si katundu mmodzi ameneyu

Nangozo: Koma ine ndifunse za umbuli, madzi amcherewo munthu ukangolimba mtima nkumwa chimachitika nchani? si mchere womwewu timathira mu ndiwo

Kamfana ka Poly: Mwaswera bwanji akuluakulu. Mayi mchere wake ndi womwewo koma kuchuluka. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja imakhala ndi magalamu 35 a mchere, ndiye kuti mu ndowa ya malita 20 muli magalamu 700. Magazi athu ali ndi magalamu 9 okha pa lita. Impso sizingathe kupanga mkodzo wamchere kwambiri kuposa madzi a m'nyanja ndiye kuti zichotse mchere mwamwawo zimatenga madzi ena a mthupi mwanu momwemo, mukumwa koma mukuuma. Madzi akumwa abwino amafunika asapitirire theka la galamu kapena pang'ono pamwamba pake pa lita, akadutsa galamu imodzi lilime limayamba kukana lokha

aPhiri Makaniko: Mfana wabwera ndi manambala ake, tikhale pansi tsopano kkkk

Bambo a Tadala: Chabwino mfana, nanga amachotsa bwanji? kuwiritsa?

Kamfana ka Poly: Njira zikuluzikulu ndi ziwiri madala. Yoyamba ndi ya moto, ndipo aliyense amene anaonako akutcheza kachasu waimvetsa kale. Mtsuko pamoto, nthunzi ikukwera nkudutsa mu paipi imene yazunguliridwa ndi madzi ozizira, kutsogolo kukudontha mu botolo. Mchere suuluka ndi nthunzi umatsala mu mtsuko. Ndi zomwezo basi kungoti fakitale yake ndi yaikulu

Nangozo: Eee ndiye akatswiri tili nawo ambiri ku Ndirande kuno, boma lingowalemba ntchito kkkkk

Adimini: Mayi Nangozo musatiyambitsire milandu pagulu pano

Kamfana ka Poly: Kkkk koma vuto ndi moto wake. Kuti lita imodzi ya madzi itenthe nkusanduka nthunzi yonse pamafunika mayunitsi a magetsi pafupifupi 0.7. Kufikitsa madzi powira si nkhani, chimene chimadya moto ndi kuwasandutsa nthunzi, pamenepo pokha pamapita mphamvu yochuluka kasanu ndi kawiri kuposa yowatenthetsa. Ndiye ndowa imodzi ya malita 20 ndi mayunitsi 14. Taganizani mayunitsi amene mumagula a mwezi wonse, ndowa zingati zimenezo

Bambo a Tadala: Iii ndiye Aluyawo akukwanitsa bwanji

Kamfana ka Poly: Sataya kutentha. Nthunzi ikamazizira kubwerera kukhala madzi imatulutsa kutentha konse kuja inamwa, ndiye iwo amagwiritsa ntchito kutentha komweko kutenthetsa madzi a m'nyanja amene akungolowa kumene. Komanso madzi amawira msanga pulesha ya mpweya ikachepa, ngakhale kuno ku Blantyre ketulo imawira isanafike 100, cha m'ma 96 kapena 97, pa Sapitwa ndiye cha m'ma 90. Ndiye amamanga zipinda zambiri zotsatizana, zina mpaka 20 kapena kuposa, chipinda chilichonse pulesha yake ndi yochepa kuposa cham'mbuyo, madzi otentha akangolowa amaphulika nthunzi okha popanda kuonjezera moto, akapita chipinda china aphulikanso, choncho choncho mpaka kumapeto. Imeneyo ndi imene amati multi-stage flash, inayambira cha ku Kuwait kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Ndipo nthawi zambiri amaimanga pambali pa siteshoni yopanga magetsi ndi gasi kapena mafuta kuti nthunzi yotsala ku magetsi ipite kukaphika madzi

aPhiri Makaniko: Mwachidule ali ndi mafuta otaya. Ife a pa mzere wa pa filling station tisayerekeze

Kamfana ka Poly: Ndi zoona aPhiri, ndipo ngakhale iwowo mafakitale atsopano ambiri akumanga a njira yachiwiri chifukwa ya moto ija ndi yodula. Yachiwiri ndi reverse osmosis, palibe kuwiritsa. Pali ka membrane kopyapyala kwambiri kokulungidwa ngati mpukutu mkati mwa paipi yolimba, madzi amatha kudutsa koma mchere umakanika. Kungoti madzi mwachibadwa amafuna kuyenda kuchoka kopanda mchere kupita kwa mchere, ndiye kuti muwabweze ayende chobwerera muyenera kuwakankha ndi pampu. Madzi a m'nyanja amakana ndi mphamvu ya 27 bar (bar ndi muyeso wa pulesha) musanayambe nkomwe, ndipo mukamawafinya otsalawo mchere ukuchulukirachulukira akukanitsitsa, ndiye mapampu amakankha pakati pa 55 ndi 80 bar

aPhiri Makaniko: Dikira kaye mfana. Wati 80 bar?

Kamfana ka Poly: Eya pamwamba penipeni, ambiri amasewera cha m'ma 60 mpaka 70

aPhiri Makaniko: Ine mapampu ndiye ntchito yanga. Madzi mukawakweza mamita 10 ndi 1 bar, aliyense woika thanki pamwamba amadziwa zimenezo. Tsono madzi timamwa kunowa ambiri amachokera ku Walker's Ferry pa Shire, makilomita cha m'ma 40 kuchokera mtauni, amapopedwa kufika ku Chileka, pa Chileka mapampu ena amawatenga kukwera nawo kuno, kukwera konseko ndi mamita pafupifupi 800. Mamita 800 ndi 80 bar. Ndiye ukundiuza kuti pulesha imene Aluya akuchotsera mchere ife tikuigwiritsa kale ntchito kungokweza madzi opanda mchere kuti afike pa Ndirande?

Kamfana ka Poly: Ndi momwemo ndithu madala!! Ndipo tawerengerani. Kukweza malita 1,000 mamita 800 papepala ndi mayunitsi 2.2, koma pampu ndi mota sizipereka mphamvu yonse, komanso madzi amakhuzana ndi paipi njira yonseyo, ndiye zoona zake zimayandikira 3. Fakitale yabwino ya reverse osmosis masiku ano imadya mayunitsi 3 mpaka 4 pa malita 1,000, kuphatikiza kukoka madzi m'nyanja, kuwasefa koyamba ndi zina zonse. Malita 1,000 ndi ndowa 50 za malita 20

Nangozo: Ndiye mukutanthauza kuti ife timamwa madzi odula ngati a ku Dubai osadziwa? shaa

Aphunzitsi opuma: Kumbali ya magetsi inde mayi, sitili nawo patali. Tauni ino inamangidwa pamtunda, amishoni a ku Scotland aja mu 1876 ankathawa kutentha ndi malungo a kuchigwa, madzi a timitsinje ta pano ankawakwanira chifukwa anali anthu ochepa. Lero damu la Mudi limangothandiza pang'ono chabe, zotsala zonse ziyenera kukwera phiri. Ndi chifukwa chake bilu ya magetsi ndi imene imalemera kwambiri pa madzi a Blantyre, osati mankhwala

Bambo a Tadala: Koma pamenepo mwandithandiza ine osati inu. Ngati mtengo wa magetsi uli wofanana ndiye bwanji osapanga za m'nyanjazo

aPhiri Makaniko: Ayi achimwene mwasokoneza. Si kusankha chimodzi, ndi kuphatikiza. Muchotse mchere ku Quelimane, mayunitsi 3 mpaka 4 apita. Madziwo akadali pagombe, sanasunthe. Tsopano muwakweze mamita 1,000 osati 800, muwakankhenso makilomita 300 osati 40. Mukamafika pa Limbe mwadutsa mayunitsi 7, kuwirikiza kawiri zimene tikulipira panopa, paipi yake musanaigule nkomwe, a ku Mozambique musanakambirane nawo, pomwe Shire ali pafupi pomwepa akungoyenda ndi madzi abwinobwino kupita ku Zambezi kukathira mu nyanja yomweyo mukufuna mukachotse mchereyo kkkk

Aphunzitsi opuma: Pang'ono pokha ndiwayankhulire bambo a Tadala, zimene akunenazi zilipo. Riyadh, likulu la Saudi Arabia, ali pakati pa chipululu, mamita cha m'ma 600 pamwamba, madzi ake amachokera ku mafakitale a pagombe la nyanja ku Jubail ndi ku Ras Al Khair m'mapaipi a makilomita opitirira 400. Ras Al Khair yokha imatulutsa malita opitirira 1 biliyoni patsiku. Ndiye kutheka zimatheka. Kungoti iwo alibe Shire, akanakhala naye sakanavutika choncho

Bambo a Tadala: Mwaona? zikomo aphunzitsi, anthuwa amafuna andiseke ngati ndalota

Nangozo: Mwalota ndithu koma maloto a anthu olemera

Wa ku Israel: Moni kumudzi, ndangoweruka kumunda ndapeza mauthenga 40 kkkk. Kuno ndiye nkhani yake imeneyi, madzi ambiri a m'mipopi ya m'nyumba ndi a m'nyanja ya Mediterranean. Mafakitale ali mphepete mwa nyanja motsatizana, Ashkelon inayamba 2005, kenako Palmachim, Hadera, Sorek mu 2013, Ashdod. Sorek yokha ndi malita 624 miliyoni patsiku ndipo mtengo anagwirizana ndi boma unali masenti 58 a dola pa malita 1,000. Afika mpaka pomanga paipi yoti azitha kuthira madzi osefedwawa mu nyanja ya Galileya ikaphwera, yomwe kale ndi imene inkamwetsa mbali yaikulu ya dzikoli

Nangozo: Galileya yomwe ija ya mu tchalitchi? ndimayesa ndi yamchere

Wa ku Israel: Ayi asisi ya Galileya ndi yabwinobwino ngati yathu, yamchere ndi Dead Sea kumunsi. Koma chimene anthu saona pa mavidiyo ndi chakuti kumunda kuno sitithirira kwambiri ndi madzi a m'nyanjawo ayi, ndi odula. Timathirira ndi madzi a m'zimbudzi ndi m'mabafa a m'tauni oyeretsedwa, pafupifupi 90 peresenti ya madzi oipa amawabweza kumunda, ndipo kuthirira kwake ndi kodontheza pa tsinde, palibe dontho lopita pachabe. Paipi ikaphulika sigona

Bambo a Tadala: Nanga kukoma kwake? samveka mchere?

Wa ku Israel: Samveka kanthu olo pang'ono, ndiye vuto lakenso limenelo

Kamfana ka Poly: Eya membrane ija sisankha, imachotsa mchere woipa ndi wabwino womwe. Madzi akatuluka amakhala opanda calcium, opanda magnesium, ndipo madzi oterowo amadya mapaipi ndi simenti ya mathanki chifukwa amafuna asungunule chilichonse akumana nacho. Ndiye asanawatumize amawadutsitsa mu miyala ya laimu kuti atengeko calcium. Magnesium ndiye ku Israel komweko akhala akukangana kuti aziwonjezera kapena ayi chifukwa thupi limaifuna makamaka mtima

Asisi a ku Cape Town: Ine ndingokuuzani za kuno chifukwa tinaziona ndi maso mu 2018 nthawi ya Day Zero, tsiku limene ankati mipopi idzatsekedwa chifukwa cha chilala. Damu la Theewaterskloof linasanduka mchenga, kuyambira February munthu mmodzi malita 50 patsiku basi, kusamba mu beseni madzi omwewo nkukathira ku toileti. Nyanja ili pomwepa mbali zonse, aliyense ankalankhula ngati bambo a Tadala kuti bwanji osangosefa. Anaika timafakitale titatu tongoyembekezera, Strandfontein ndi Monwabisi malita 7 miliyoni patsiku iliyonse, ku Waterfront 2 miliyoni. Pamodzi 16 miliyoni, pomwe tauni ngakhale itadzimana chotani inkamwa cha m'ma 500 miliyoni patsiku. Chinatipulumutsa ndi kudzimana, kuchepetsa pulesha m'mapaipi, alimi ena anapereka madzi a m'madamu awo, kenako mvula inagwa. Timafakitale tija makontrakiti atatha anatichotsa

aPhiri Makaniko: Ndiye kuti fakitale yeniyeni simanga chilala chitafika kale

Asisi a ku Cape Town: Imatenga zaka aPhiri, ndipo mvula ikabwera anthu amayamba kufunsa kuti tikulipiriranji chinthu chongokhala

Aphunzitsi opuma: Ku Namibia anamanga yawo mu 2010 kumpoto kwa Swakopmund, koma anamanga ndi a kampani ya mgodi wa uranium. Mukaona bwino kulikonse kumene zayenda pali china chimene chikulipira, mafuta, mgodi, kapena anthu a ndalama zawo. Ya ku Carlsbad ku California ya 2015 inadya pafupifupi 1 biliyoni ya madola ndipo imatulutsa malita cha m'ma 190 miliyoni patsiku

Bambo a Tadala: Koma zinthu zimatchipa ndi nthawi. Foni inali ya mabwana okha, sola inali ya ma NGO okha, lero aliyense ali nazo. Izinso zitsika

Kamfana ka Poly: Zinatsika kale madala, ndipo kwatsala pang'ono kuti zigunde pansi. Membrane yoyamba yogwira ntchito anaipanga asayansi awiri, Loeb ndi Sourirajan, ku yunivesite ya UCLA ku California cha mu 1960. M'zaka za m'ma 1970 malita 1,000 ankadya mayunitsi opitirira 15. Chinasintha zinthu kwambiri ndi ichi, pa malita 100 alionse mwakankha, oyera amatuluka 40 mpaka 50 okha, otsalawo amatuluka akadali ndi pulesha yonse ija, kale ankangowataya ndi pulesha yawo yomwe. Pano pali kachipangizo kozungulira kamene kamatenga pulesha ya madzi otulukawo nkuipatsira madzi olowa, kamabweza kupitirira 95 peresenti. Ndi chimene chatifikitsa pa 3. Koma pali malire a chilengedwe, kulekanitsa mchere ndi madzi a m'nyanja sikungatheke ndi mphamvu yochepera pafupifupi yuniti imodzi pa malita 1,000, kaya abwere katswiri wotani. Ndiye kuchoka pa 15 kufika pa 3 zinatheka, kuchoka pa 3 kufika pa ziro iwalani. Chimene chingatchipe ndi magetsiwo osati kuchuluka kwake

Nangozo: Nanga theka lotsalalo limapita kuti, mwati mchere wake wawirikiza

Kamfana ka Poly: Amalibweza m'nyanja mayi, ndiye mutu wina umenewo. Kafukufuku wina wa 2019 wa bungwe la United Nations anapeza mafakitale pafupifupi 16,000 padziko lonse, akutulutsa madzi abwino malita 95 biliyoni patsiku koma madzi oipa a mchere wokhawokha 142 biliyoni. Ndi olemera ndiye amamira pansi nkukhala pamenepo, mpweya umachepa, tizamoyo ta pansi timafa, komanso amakhala ndi mankhwala otsukira ma membrane. Kolowera nakonso mapaipi amayamwa mazira a nsomba ndi tiana take. Ndipo nyanja ikachita ndere zofiira zija ma membrane amatsekeka, mu 2008 ndi 2009 mafakitale ena ku Oman ndi ku United Arab Emirates anaima chifukwa cha zimenezo

aPhiri Makaniko: Onjezera za magetsi othimathima mfana. Makina otere safuna kuzimazima. Kumbukirani January 2022 namondwe Ana atagumula Kapichira, mamegawati 130 anachoka kamodzi. Fakitale ya malita 100 miliyoni patsiku pa mayunitsi 3.5 ikufuna mamegawati pafupifupi 15 usana ndi usiku osapuma, kukwezako kusanawerengedwe. Ndipo magetsi athu ambiri akuchokera pa Shire yemweyo, Nkula, Tedzani, Kapichira. Chilala chikavuta Shire nkutsika, madzi avuta magetsinso avuta tsiku lomwelo, ndiye makina mumati akupulumutseni ku chilala aja muwayendetsa ndi chani

Aphunzitsi opuma: Nchifukwa chake ine ndinasangalala ndi madzi a ku Likhubula aja anayamba kufika mu 2019. Ndi malita 20 miliyoni okha patsiku koma akuchokera pamwamba pa Mulanje kutsikira ku Nguludi, phiri likugwira ntchito imene pampu ikanagwira. Kwa ife funso lisamakhale loti mchere tichotsa bwanji, likhale loti madzi ali pamwamba pathu ali kuti, ndi kuti amene takweza kale movutikira asamatayike m'mapaipi otha ndi olumikiza mwakuba

Amalume a ku Nchalo: Ndakhala ndikungowerenga chete. Inu a mtauni mukukamba za mchere wa pa vidiyo, ife kuno tikumwa mcherewo. Bwerani ku Chikwawa ndi ku Nsanje muone mijigo ingati anthu anaisiya, mjigo watsopano wopaka penti bwinobwino koma madzi ake ukalawa umalavula, sopo sachita thovu, nyemba zimakhala pamoto tsiku lonse osapsa, tiyi ukathira mkaka amadukaduka. Azimayi amausiya mjigo pakhomo nkupita ku Shire kumene kuli ng'ona. Ndiye ndifunse mphwanga wa ku Poly, makina ukunenawo sangagwire pa mjigo?

Kamfana ka Poly: Amalume pamenepo ndiye pamene nkhaniyi ikutikhudza zenizeni. Madzi a pansi a kuchigwa ndi amchere koma ambiri safika pa a m'nyanja, mwina magalamu ochepa pa lita osati 35. Mchere ukachepa pulesha imachepanso, 10 mpaka 25 bar yakwana, magetsi ake cha pa yuniti imodzi kapena awiri pa malita 1,000, ndipo mumapeza madzi abwino okwana 75 mwa 100 osati theka. Dzuwa la ku Nchalo ndiye silisowa, mapanelo a sola angapo ayendetsa. Ku Kiunga m'mphepete mwa nyanja ku Kenya anaika ya sola mu 2018 anthu amagula madzi pa kiyosiki. Ndipo fakitale yoyamba ya tauni ya reverse osmosis, ku Coalinga ku California mu 1965, inali ya madzi a pansi ngati anuwo osati a m'nyanja

Amalume a ku Nchalo: Ndiye tikudikira chani

aPhiri Makaniko: Amalume musathamange. Mjigo wamba wa Afridev, labala yake yotchipa ija ikatha komiti ya mjigo imatenga miyezi kusonkhetsa ndalama. Uyu akukamba za membrane yoitanitsa kunja ndi madola, imene pakatha zaka 5 kapena 7 iyenera kusinthidwa ngati mwaisamala, mukapanda kuisamala chaka sichitha. Mafyuluta akutsogolo kusintha pafupipafupi, mankhwala oletsa miyala kuundana, pampu ya pulesha, inverter. Ndani azikhala pamenepo tsiku ndi tsiku? Ine ndaona masikimu a sola ambiri, okongola tsiku lotsegulira, kenako panelo imodzi yabedwa basi zathera pomwepo

Nangozo: Koma aPhiri inu chilichonse mumangoti sichitheka

aPhiri Makaniko: Sindikukana mayi, ndikuti pakhale munthu wolipidwa ndi ndalama za ndowa, osati wongodzipereka. Anthu azigula madzi akumwa ndi ophikira okha, ochapira ndi osamba azitunga amchere omwewo. Munthu kumwa ndi kuphika malita 5 patsiku akwana, mudzi wa anthu 1,000 ndi malita 5,000, kamakina kakang'ono ndithu. Mukati muzisefa ndi ochapira omwe ndiye mwalephera musanayambe

Amalume a ku Nchalo: Apo ndagwirizana nanu. Nanga zija amati kuika madzi mu beseni lakuda nkuvundikira ndi galasi padzuwa?

Kamfana ka Poly: Zimagwira amalume koma ndi zaulesi, galasi la mita imodzi mbali zonse limapereka malita 3 mpaka 5 patsiku dzuwa likawala bwino. Banja la anthu 6 lifunika magalasi 6 kapena kuposa, ana ndi mbuzi zili pomwepo. Ubwino wake palibe chogula ndi dola

Aphunzitsi opuma: Funso la mayi Nangozo lija libwererenso apa. Ku nyanja otsalawo amawataya m'nyanja. Ku Nchalo muwataya kuti? Mukathira pansi alowa nkubwerera mu mjigo womwewo kapena awononga dimba la mnzanu, nthaka ikalowa mchere chimanga sichimeranso

Amalume a ku Nchalo: Kuno makolo ankapanga mchere kuchokera ku dothi, kukokola dothi loyera lija, kulisungunula, kusefa, kuwiritsa. Sitingaumitse otsalawo padzuwa nkugulitsa mchere?

Kamfana ka Poly: Kuumitsa kokha nkotheka, dziwe losaya loyala pulasitiki yolimba pansi kuti asalowe mu nthaka, kunja kotentha ngati kwanuko amauma msanga. Koma zodya musafulumire. Madzi a pansi samakhala ndi mchere wa pa ndiwo wokha, mumakhalanso sulphate, nthawi zina fluoride wambiri uja amathimbiriritsa mano, kuphatikiza mankhwala mwathira mu makina. Komanso dziwelo likhale pamalo poti madzi osefukira safika, mukudziwa nokha Freddy mu 2023 anachita zotani kuchigwako

Wa ku Israel: Ndipo musanagule makina funsani ngati palibe njira yachidule. Nthawi zina mijigo iwiri yoyandikana wina wamchere wina wabwino

Amalume a ku Nchalo: Zimenezo nzoona, wa ku sukulu ndi wabwino, wa kwathu mamita ochepa chabe ndi wowawa. A ku East Bank ali ndi mwayi mitsinje ikutsika yokha kuchokera m'mapiri a Thyolo, ife a tsidya lino tikungoyang'anira ngalande ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira ija

Bambo a Tadala: Ine funso langa mwalilanda mwapita nalo ku Nchalo kkkk koma bola. Mfana ndiye amalume ayambire pati

Kamfana ka Poly: Ayeze madzi kaye madala, popanda nambala tikungolota tonse. Ndili ndi kamita kakang'ono ka mthumba koyezera kuchuluka kwa mchere, kakatiuza kuti ndi magalamu angati pa lita, zikaoneka zolimbikitsa ndiye tipite nawo ku labu akaone fluoride, chitsulo ndi zina chifukwa chitsulo chikachuluka chimatseka membrane msangamsanga

Amalume a ku Nchalo: Loweruka ndikubwera ku Limbe kudzagula simenti, ndikutengera. Wa kwathu wokha kapena ndi wa ku sukulu womwe

Kamfana ka Poly: Yonse iwiri amalume, ndi ina ngati ilipo imene anthu anaisiya. Mabotolo a madzi ogula aja a theka la lita, osati a Sobo kapena a mafuta ophikira. Mupope kaye mjigo kwa mphindi zingapo madzi ogona mu paipi achoke, mutsukuluze botolo katatu ndi madzi a mjigo womwewo, mudzaze mpaka pakamwa, mulembe pa botolo kuti ndi wa pati. Mukafika pa depoti mundiimbire